Kapu ya madzi

Lachinayi madzulo, ku Bangwe.

Lero ndadzichititsa manyazi. Unali msonkhano wanga woyamba ngati wachiwiri kwa wapampando wa komiti ya chipatala chathu. Amayi akuno anandituma kukanena kuti mlonda amachedwa kutsegula geti, oyembekezera n'kumabuula panja. Mawu onse ndinaloweza dzulo.

Tili mkati, bambo wina wachikulire anatsokomola n'kuyang'ana ine, wamng'ono pa onse. "Mwanangu, timadzi." Ndinanyamuka osaganiza, kapu n'kuitsuka bwinobwino. Pobwerera ndinapeza nthawi ya madandaulo yadutsa, akutseka ndi pemphero.

Panjira ndakumana ndi make Tadala, mimba ili kutsogolo. "Mwatinenera, a komiti?" Ndangovomera ndi mutu.

Mwezi wawo wochira ndi uno. Mawa ndipite kwa wapampando, koma ndikayamba bwanji...