Musamutsekulire Fabiano

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Kuno tilipo, ngati kumeneku n'kukhalapo.

Ndiyambe ndi zabwino, poti munkati mlendo sauzidwa za maliro asanamwe madzi. Mwana wanu woyamba, Agnesi, wabereka mwana wamkazi ndipo amutcha dzina lanu. Mphuno watenga ya bambo wake, tsoka lake, koma kukuwa ndi kwanu. Munda wa ku Kanakantapa watipatsa chimanga chochepa, chifukwa mvula inadula chimanga chikumasula. Mtedza wokha ndiwo wachita bwino. Ine ndikadali pa shopu ija ya ku Silverest, kugulitsa simenti ndi misomali kwa anthu amene ndinkakhala nawo m'kalasi ku yunivesite. Amabwera pa magalimoto awo kudzamanga nyumba zokhala ndi mipanda italiitali. Ena amanamizira kuti sandidziwa. Ndimawathandiza kunamizirako.

Madzi mwamwa. Tsopano ndikuuzeni za Fabiano.

Mukumudziwa chitsirizira wanu. Pamene munkatisiya anali kondakitala wa minibasi ya Chongwe ndi Lusaka, ndipo akaitanira anthu pa siteshoni mawu ake ankamveka mpaka kumsika. Mukudziwanso misala yake ya mpira, timu ija ya jezi yofiira ya kutsidya kwa nyanja, imene eni ake sadziwa n'komwe kuti padziko pali Chongwe. Ikapambana ankaliza vuvuzela kuchokera kumene amaonera mpira mpaka pakhomo. Ikagonja ankatukwana woimbira mpira sabata yathunthu, n'kumakangana ndi okwera minibasi, ngakhale agogo opita kuchipatala.

Kuyambira kumapeto kwa nyengo yozizira, Fabiano anatseka pakamwa. Ankangoima pakhomo pa minibasi osaitanira, mpaka dalaivala anatenga mnyamata wina. Anayamba kugona masana, chakudya n'kumangochigwiragwira. Tonse tinati ndi mpira, poti timu yake inali kugonja sabata ndi sabata. Oyandikana nawo ankafunsa za iye ngati akufunsa za nyengo: yagonjanso? Ndiye pepani. Ngakhale ine, amene ndimadzitama kuti ndinawerenga mabuku kuposa mzere wathu wonse, ndinati ndi mpira.

Mukumukumbukira Mulenga, Mbemba uja amene anatipaka ufa kumaso pamaliro anu, n'kumati mwathawa chifukwa mbewa zatha ku Chipata? Chimbuya chake, chibale chija chonyozana moseka cha Abemba ndi ife a kum'mawa, sichinathe. Iye ndi anyamata a pa siteshoni ali ndi mwambo wawo. Timu ya Fabiano ikagonja, amapanga bokosi la maliro la katoni, kulipaka penti yofiira, n'kubwera nalo pakhomo pathu akuimba nyimbo za kumanda. Kale Fabiano ankatuluka ndi ndowa ya madzi otsukira mbale n'kuwathamangitsa mpaka kumsewu, akuwatcha odya anyani, monga timawanyozera Abemba.

Lamulungu lapitalo linalo, titachoka ku Misa, anabwera nalonso bokosilo. Ine ndinali kuchapa panja. Fabiano anatuluka wopanda ndowa. Anagwada pafupi ndi bokosilo, analitsekula, analiyang'ana m'kati nthawi yaitali. Kenaka anati, "Mwapanga yaing'ono. Sinikwanamo."

Anyamata anagwa nacho chiseko, akuti lero wodya mbewa watigonjetsa. Ine ndinasiya kuchapa. Ndinakumbukira zimene munkanena tili ana, kuti mwana wolira sakudetsani nkhawa, amene mumadzuka kukamuona ndi amene wangoti zii. Komabe ndinadziuza kuti ndi nthabwala, poti kukhulupirira zimenezo kunali kosavuta.

Loweruka lotsatira timu ija inapambana, kugonjetsa adani ake akalekale. Chongwe yense anali phokoso, mahutala, ana akuthamanga ndi zitini. Fabiano sanapite n'kukaonera komwe. Ndinamupeza kuseri kwa nyumba atakhala pa njerwa. Ndinamuuza zigoli, ine amene mpira ndimadana nawo, ndinachita kuvina pang'ono ngati chitsiru. Anangoti chabwino. Amayi, pamenepo m'pamene bodza la mpira linatithera.

Lolemba Mulenga anakwera minibasi mpaka ku Silverest, kudzandipeza pa shopu. Anandipatsa moni ngati munthu, osatchula mbewa, ndipo chimenecho chokha chinandiopsa. M'pepala la pulasitiki anali ndi jezi ya Fabiano, ija imene munkaletsedwa kuichapa pamodzi ndi zovala zina. Akuti Fabiano anamupatsa Lamulungu, n'kunena kuti saifunanso, ndipo vuvuzela anaipereka kwa ana a pa mpopi. Mulenga anaiika pa kauntala n'kunena kuti, "Ba sisi, ine kuseka pa maliro ya anthu ndiye nchito yanga. Koma aya sinifuna kuyaseka."

Ndinasiya shopu osatsanzika kwa abwana. Msewu wa Great East sunanditalikirepo chotero. Minibasi inkaima paliponse kudikira anthu, ndipo ndinamutukwana kondakitala mpaka amayi ena anandigwira phewa. Nditafika ndinaima pakhomo ndikuopa kukankha chitseko. Anali m'kati, ali moyo, atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo.

Ndinakhala pansi pafupi ndi bedi. Sindidziwa kunyengerera, inu munkati lilime langa lidzandisiya ndikudya ndekha. Ndiye ndinangomufunsa mosazungulira ngati akuganiza zodzipha. Sanakwiye, sanasekenso. Anati, "Siniziba, ba sisi. Nalema chabe. Nikauka m'mawa nimamva monga nalakwa kuuka."

Amayi, mawu amenewo ndimawadziwa, ndipo inu mukudziwa kumene ndinawadziwira. Mpingo wonse munauuza kuti ndinabwerako ku yunivesite chifukwa cha malungo aakulu. Ine anthu ndimawauza kuti aphunzitsi a kumeneko anali mbuli, sindikanataya nawo nthawi. Koma ndinu amene munandipeza ku hositelo nditagona, osasamba, osalowa m'kalasi, ndikuyang'ana khoma. Munandibweretsa kunyumba, munandipatsa mtedza woti ndizisenda kuseri, ndipo munandiletsa kuuza munthu. Munkaopa kuti adzati mwana wa Mai Rozaria wapenga, adzanditengera kuchipatala cha amisala ku Lusaka, ndipo palibe amene adzandikwatire. Munandibisa bwino, ndikuvomereza. Palibe anadziwa. Palibenso amene anandikwatira, ndipo sukulu sindinabwerere. Sindikukuimbani mlandu, munachita zimene munkadziwa. Koma nthawi zina ndikamakweza matumba a simenti ndimakukwiyirani, ndipo ndi bwino mumve kwa ine.

Zonsezi ndinamuuza Fabiano. Chinsinsi chanu chija ndachiulula, mundikhululukire. Anatulutsa mutu m'bulangete n'kundiyang'ana ngati akundiona koyamba. Anati iye ankaganiza kuti ine sindivutika ndi kanthu, ndimangovutitsa ena.

Agnesi nditamuimbira foni anati mwamuna amalimba mtima, timupezere mkazi ndipo tipereke Misa. Ndinamuyankha kuti Misa tipereka, koma mwana wake atatentha thupi sanadikire Lamulungu, anathamangira ku kiliniki. Anadula foni. Madzulo ake anatumiza mwamuna wake kudzatenga mankhwala othira m'chimanga amene tinkasunga kuseri kwa chitseko, ndiye kuti anamva.

Ndafunsa ku kiliniki. Kuli nesi amene amaona anthu ovutika maganizo Lachinayi lililonse, ndipo anandiuza kuti zikafika poipa tisadikire tsikulo, tibwere naye nthawi iliyonse. Fabiano poyamba anakana, akuti anyamata a pa siteshoni akamuona pa benchi yodikirira nesiyo sadzakwezanso mutu m'Chongwe. Mulenga anati amuperekeza yekha, ndipo amene aseke adzaona kuti anyani amapatsa mphamvu. Fabiano sanaseke, koma anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Ngati imwe muzangena na kukamba zanu, naine nizangena."

Ine, Amayi. Ine amene sindinapemphepo munthu mchere. Ndikakhale pa benchi imeneyo, azimayi a kumsika akudutsa n'kumandiloza. Ndavomera. Ndinavomera msanga, kunyada kusanandibweze.

Lero ndi Lachiwiri. Abwana ndawauza kuti sindibwera sabata ino, andichotse ngati akufuna. Mulenga wabwera masana kudzakhala ndi Fabiano, kumuuza za mpira zimene iye sakuzifuna. Ine ndimaphika, ndimasesa malo osesa kale, makutu ali kuchipinda kwake. Akapita kuchimbudzi n'kuchedwa, ndimakaima pafupi ndi chitseko kumvetsera. Akatsokomola ndimathokoza Mulungu. Sindinaopepo chotere, ngakhale tsiku limene tinkakuperekezani kumanda, chifukwa pamenepo choopacho chinali chitachitika kale.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Ndikudziwa kuti mumamukonda kuposa tonse, musakane, ndipo iye amakusowani. Koma mukamva kugogoda kumeneko, n'kuzindikira kuti ndi iye, musamutsekulire. Mumukalipire kuchokera m'kati, mumuuze kuti abwerere kwa mlongo wake, nthawi yake sinakwane. Inu amakumverani.

Ine kuno ndikulonjeza kuti Lachinayi ndimugwira dzanja mpaka pakhomo la nesiyo, anthu aone, ndipo ndidzayamba ndine kulowa.

Ndine mwana wanu wokukondani, ngakhale wapakamwa,
Venansia