Amene Anabereka Thomson

Lolemba, 6 Meyi 2024

Mnzanga Thomson wafa. Kumunda wa ndende, akulondera akaidi okolola chimanga. Khasu pankhongo. Ndalemba ndekha koma sindikukhulupirira.

Titamva mfuwu tinathamangirako. Panjira tinakumana ndi Manasseh, nyapala, mkaidi wolamula anzake uja. Malaya magazi okhaokha, mfuti ya Thomson m'manja. Tifunsenso chiyani? Ndinayamba ndine. Ndodo mpaka kuthyoka, kenako jombo. Nthiti ndinazimva zikulira. Iye amangoti, "Bwana, pulikani," kupempha kuti ndimumvere. Ndinamutseka pakamwa ndi jombo lomwelo. Galu wachabechabe.

Lachiwiri, 7 Meyi

Tulo ayi. Dzanja latupa.

Thomson ndiye anandilandira nditangobwera kuchokera ku Dowa, Chitumbuka osadziwa ngakhale "yewo". Mphasa yoyamba anandibwereka ndi iye. Lero ali mufiriji ngati nsomba. Manasseh ali kuchipatala, unyolo kubedi. Zamuchepera. Ndikanamumaliza pompo.

Lachinayi, 9 Meyi

Akaidi a kumunda aja afunsidwa mmodzimmodzi. Onse mawu amodzi.

Thomson sankadya ngakhale chinangwa osapemphera, mwana wa mkulu wa mpingo. Tinkamuseka nazo. Masana aja anavula chipewa n'kutsinzina, akaidi nawonso kutsinzina, monga masiku onse. Mmodzi yekha sanatsinzine, wa mlandu wakuba ng'ombe uja. Anatema n'kuliyatsa liwiro. Manasseh anatola mfuti kuti wina asaitenge, anabereka Thomson mpaka kumsewu, ndiye amathamanga kudzatiitana ife.

Mayo ine. Ndasanza kuseri kwa ofesi.

Loweruka, 11 Meyi

Maliro ku Phwezi. Mbendera pabokosi, chipewa ndi lamba pamwamba. Tinaomba mfuti m'mwamba, ana balalabalala m'chimanga. Abwana analankhula mpaka thovu, ngwazi uku ngwazi uko. Za Manasseh ziii.

Wakupha uja amugwira alonda a nkhalango cha ku Thazima. Anzanga akuti akumudikira ndi ndodo zatsopano. Andiitana. Ine manja angawa ndikuwaopa.

Alamu a Anne, mkazi wa Thomson, anandikoka malaya pochoka kumanda. "Alamu, amene anamubereka uja ndikufuna ndimuthokoze ndekha." Ndinangoti akudwala.

Lachiwiri, 14 Meyi

Ndapempha ndekha kukalondera Manasseh kuchipatala. Mkodzo wamagazi. Anesi akuti impso. Akandiona amatembenukira kukhoma. Ndamugulira mkaka, sanaukhudze. Ndinafuna kupepesa. Msilikali kupepesa mkaidi, amayambira pati?

Mulungu, uyu yekha asafe. Asafe, chonde.

Lachitatu, 15 Meyi

Alamu afika masana, duku lakuda, phala mufulasiki, jekete la Thomson pamkono. Akuti Juni wayandikira, kundende kumazizira, alivale Manasseh. Anagwada pambali pa bedi. "Yewo chomene, adada." Manasseh chete, wayang'ana kukhoma. Ine ndimati wagona.

Alamu anasuzumira nkhope yotupa ija, milomo yong'ambika. Anayang'ana jombo zanga, kenako ine. Anangoti ndimasule unyolo kuti amuveke.

Ndinatulutsa kiyi, ndinagwira dzanja la Manasseh. Linali litazizira kale.