Duwa Lopanda Masamba

Lolemba, 23 Okutobala 2017

Mvula yoyamba dzulo. Lero kuseri kwa khitchini kwatuluka chinthu. Phesi limodzi, tsamba ayi, pamwamba mpira wofiira psuu, wa tisingano tokhatokha. Sindinadzale ine. Mwina ndi tianyezi tija malemu amuna anga, bambo a Sophie, ankabwera nato kuchokera kuphiri akatula katundu wa alendo. Munthu uja ankangokwirira, osanena. Ndalikonda, ndisaname.

Lachinayi, 26 Okutobala

Maluwa ena atuluka. Nthawi yake yoipa. Mudzi wonse nkhani ndi ya anamapopa, opopa anthu magazi, anyamata pamsewu ndi zibonga. Mwana wa Eneles, mng'ono wanga wa bere limodzi, wagonekedwa ku Mishoni, akuti magazi achepa. Mwamuna wa Eneles, Trust, anaima nthawi yaitali pampanda wotilekanitsa. "Alamu, duwa lanji lopanda tsamba? Likumwa chiyani?" Ndinaseka. Chitsiru ine.

Loweruka, 28 Okutobala

Miyala padenga. Kumjigo moni wanga akugwera pansi. A Ishmael, amene ankanyamula katundu ndi malemu, akuti analionapo kuphiri ku Chambe koma dzina salidziwa, ndiponso ndisawatchule. Amuna ndi mantha. Ndikungofuna dzina basi, anthu amve kuti ndi duwa ngati anzake. Ndapita ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula, akuti wodziwa maluwa ali ku Zomba. Sophie akuti tizule. Ndakana. Ndi chokhacho chatsala cha bambo ake.

Lachinayi, 2 Novembala

Ndikulemba ndi lamanzere. Anthu anabwera Lolemba, dzuwa lili paliwombo. Ena ndimaimba nawo kwaya. Trust patsogolo ndi chikwanje ndi khasu. Kutema maluwa, kukumba tianyezi, kuponya kuseri kwa mpanda. Nditagwira khasu lake, mpini pamkono, fupa thyo. Mano awiri pansi. Khitchini moto. Sophie anakokedwa tsitsi mpaka pamsewu. Wina ankafunsa petulo, mawu ake ndikuwadziwa. Akanachedwa apolisi bwenzi pano ndili phulusa. Eneles anali pakhonde pake, manja m'chitenje.

Lachinayi, 9 Novembala

Mwana wa Eneles watuluka m'chipatala. Anali malungo. Kumjigo akuti wachira chifukwa duwa ladulidwa. Bambo a zankhalango abwerako, aona chithunzi pafoni ya Sophie. Akuti dzina lake ndi Sikadokisasi, lili mbwee m'phirimu, masamba amabwera pambuyo. Ndalibwereza njira yonse ngati vesi. Ndalinena pamjigo mokweza, anthu kumangopopa madzi awo. Mkono m'chikhakha, kuyabwa. Ndimadana nawo. Ndalemba, Mulungu awerenge.

Lachiwiri, 6 Novembala 2018

Mvula yoyamba. Mkono supindika, kukazizira umaluma. Kwanga sikunamere kanthu. Kwa Trust, kuseri kwa mpanda pomwe anaponya tianyezi paja, mipira yofiira psuu. Wazula, koma anthu anali ataona kale, ndipo mwana wa a Juma a m'mudzi muno akudwala. Anyamata ayamba kuima pamsewu.

M'mawa uno Trust pampanda, chipewa m'manja. "Alamu, paja dzina lake munati chiyani? Mukawauze inuyo, akumverani."

Ndinayang'ana mkono wanga. Ndamuuza kuti ndaiwala.

Eneles ndikumumva, akulira kuseriko. Dzina lili pakamwa panga pompano. Ndatseka chitseko.