Sutikesi Ija Musatumize

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga miyendo ya amayi yasiya kutupa? Ine thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi.

Kumaphunziro akunja kuja sindipita. Asankha mtsikana amene wabwera chaka chatha, yemwe ine ndimamutcha Kadigiri. Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala mu labu muno, achemwali! Ndine ndinamuphunzitsa kuzunguza magazi mpaka madzi achikasu ayandame pamwamba, kuwasefa, ndi kuwalowetsa m'makina aja olekanitsa mankhwala a khansa ndi zina zonse, kuti adokotala adziwe kuchuluka kwake m'thupi mwa wodwala. Lero abwana akuti mwanayu ali ndi dzanja labwino. Dzanjalo analitola kuti? Nsanje ndili nayo, sindibisa.

Lachiwiri Kadigiri anathamangira kukajambulitsa chithunzi cha pasipoti, n'kusiya kabotolo ka magazi patebulo osakaika mu ayezi. Mankhwala amenewa sachedwa kuwonongeka magazi akakhalitsa pofunda. Ukayeza amaoneka ochepa, adokotala n'kumuwonjezera wodwala, chonsecho ndi mankhwala aukali. Ine ndinakaona kabotoloko. Ndinakadutsa katatu, mumtima ndikuti kasiyeni, abwana alione dzanja labwinolo. Atabwera anangoyeza osazindikira kanthu, ine pakamwa tseke.

Pepala la zotsatira litatuluka, maso anga anagwera pa fomu ya wodwalayo. Mayi wa makilogalamu makumi anayi okha. Munthu wotha thupi chotero amuwonjezere mankhwala chifukwa cha nsanje yanga? Manyazi anandigwira. Ndinamukokera Kadigiri kuseri kwa firiji n'kumunong'oneza. Anathamangira kuwodi, ndipo mwamwayi diripi ya mankhwalayo inali isanathe, poti magaziwa amatengedwa diripi ikuyenda. Atatenga magazi ena, zinapezeka kuti mankhwala anali atachuluka kale, moti adokotala anachita kuchepetsa.

Kumsonkhano wa Lachinayi abwana anamuyamikira pamaso pa onse, ati ndi wosamala chifukwa anabwereza kuyeza. Anthu anawomba m'manja. Nanenso ndinawomba, koma ndi nsonga za zala.

Dzulo Kadigiri anabwera ndi misozi kudzandithokoza, akuti ndine mayi wake wapantchito. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndiye mtima unayamba kufewa. Kenaka anati anamva kuti kwathu kuli sutikesi yaikulu yamatayala, ndimubwerekeko. Ndinamuyankha kuti zipi yake inafa kalekale.

Pempho langa ndi limeneli: sutikesi ndinakupemphani ija musatumize. Amayi muwauze mwaulemu kuti asiye kulengeza kwa anzawo za ulendo wanga. Ndipo wina wakuno akadzafunsa, zipi inafa. Ntchito ndinamuphunzitsa, mbiri ndamupulumutsira, ndege akwera ndi iye. Katundu wake akamange m'jumbo.

Mupereke moni kwa amayi, alamu, azakhali ndi ana onse.

Ndine mng'ono wanu wotsala pansi,
Chitsirizira