Njerwa za Ababa m'Kachipangizo Kopana Chala

Kariakoo,
Dar es Salaam.

Okondedwa achimwene a Swaleh,

Asalamu aleikumu. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi, miyendo ija ikuwalola kufika kumsika? Za ababa sindikufunsa mwamwambo chabe, ndizo zandikhazika pansi kuti ndilembe. Ine kuno ndili bwino, alihamudulila, kungoti kutentha kwake kukuchititsa kuti ndizikumbuka Nkhotakota ngati malo ozizira.

Musadabwe kuti ndalemba papepala ngati munthu wakale. Ndimakudziwani. Uthenga wamawu mumautsegula mokweza pabwalo, ababa ali pamkeka pomwepo, aneba nawonso atatchera khutu kuseri kwa mpanda. Izi ndikufuna muwerenge nokha kaye. Ndapatsira a Hamza, adalaivala a lole aja, pamodzi ndi kaphukusi. Nsalu ya buluu ndi ya amayi, zipatso za tende ndi za nonse, koma kabokosi kakang'onoko ana asakakhudze.

Ntchito ikuyenda. Ndikadali pakauntala paja pokonzera mafoni, ndipo makasitomala ena akadafunsabe kuti fundi, mmisiri wamwamuna, ali kuti, ine nditakhala pomwepo chowotcherera chili m'manja. Ndinasiya kupsa mtima, ndimangowauza kuti adikire, kenako n'kuwapatsa foni yawo ikulira. Chipinda chimene ndimagona chinayamba kudontha, mwini nyumba amangoti mawa. Chiswahili changa anzanga akuti tsopano chasiya kununkha chambo.

Zimene munandiuza sabata yatha zandisowetsa mtendere. Munati ababa akulamulani kuti mupeze wogula makina awo osokera. Munthu amene wasokera mikanjo theka la amuna a paboma, amene sankalola ngakhale inu kukhudza gudumu la makinawo! Ndinalira, achimwene, pakauntala pomwepo, kasitomala akundiyang'ana. Sitiroko inagwira dzanja lokha, koma apa ndaona kuti ababa ataya mtima. Chikhalirecho adokotala ananenetsa kuti zala zikhoza kubwerera ngati akuzigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku miyezi yoyambirira ino isanathe. Kampira kofinya kamene anawapatsa kuchipatala munati anakaponyera adzukulu, n'kunena kuti iwo si khanda. Sindinadabwe. Makani awo tonse tinakulira momwemo.

Kodi mukukumbuka gemu ya njerwa imene amalume a Nasiru anatibweretsera tili ana? Ija yotuwa, njerwa zikugwa kuchokera pamwamba, ife n'kumazitembenuza kuti zidzaze mzere. Tinkalimbirana mpaka kuchedwa kumadarasa, ababa n'kutilanda, n'kulengeza kuti akaitaya m'nyanja. Inu munalira kuposa ine, musakane.

Chimene mwina simudziwa n'chakuti sinafike kunyanja. Tsiku lina amayi anandituma kukapereka tiyi pakhonde la sitolo pamene ankasokera. Ndinapeza makina ali zii, ababa ataweramira pansi pa tebulo, kanyimbo ka gemu ija kakulira pansi pa mulu wa nsalu. Atandiona anatsokomola, n'kundifunsa ngati ndilibe ntchito kunyumba. Koma ndinali nditaona kale nambala imene inali pagalasi. Inu ndi ine, kuphatikiza zigoli zathu, sitikanaifika. Nditawauza amayi anangoseka, n'kunena kuti tsopano ndadziwa kumene mabatire a wailesi amapita, ndiponso chifukwa chimene mkanjo wa kasitomala wawo, a Sufiyani, unatsala pang'ono kuphonya Idi.

Ndiye ndinayamba kuganiza. Gemu ngati ija pafoni ilipo, koma foni sangaigwire, amati ndi ya achinyamata osowa chochita. Kuwagulira chidole, chingatsatire kampira kaja. Chimene amachilemekeza ndi chipangizo chachipatala. Munandiuza nokha kuti namwino akabwera ndi kachipangizo kopana chala kaja, koyezera mpweya wa m'magazi, amatambasula dzanja mwaulemu ngati akulandira mlendo.

Pa intaneti pali gulu la anthu amene ndimacheza nawo, amisala ngati ine. Ntchito yawo ndi kutenga magemu akale n'kuwalowetsa m'zinthu zimene sizinapangidwire masewera: makakyuleta, mawotchi, sikelo za kukhitchini, wina mpaka m'chotenthetsera madzi. Amangochitira kuonetsana kuti zatheka. Ine ndinawauza kuti ndikufuna kuika njerwa m'kachipangizo kopana chala, ndipo ndinawafotokozera chifukwa chake. Achimwene, anthu osandidziwa, ena sindidziwa n'komwe dziko lawo, anasiya zawo n'kuyamba kundithandiza. Mmodzi anati bambo ake nawonso anadwala chimodzimodzi, koma iye nzeru imeneyi inamufika mochedwa.

Sinali ntchito yamasewera. Kagalasi kake n'kochepa ngati chikhadabo cha chala chachikulu, ndipo kaubongo kam'kati kanapangidwa kuti kazingowerenga magazi basi. Ndinachita kukachotsa n'kuwotchereramo kena kochokera m'bokosi lathu la zinthu zakufa. Gemu yonse sinakwanemo, ndiye ndinaidula ngati mmene ababa amachepetsera thalauzi la mkulu kuti likwane mwana. Mizere ndinachepetsa, njerwa ndinakulitsa kuti maso awo aziona, ndipo zimayamba kugwa pang'onopang'ono. Kanyimbo kaja kanakana, kwangotsala kulira kwa tii, tii mzere ukadzaza. Tizipangizo tiwiri toyamba ndinatiwotcha. Lughano, mnzanga wa ku Karonga amene timagawana kauntala, ankangoti mwana wa telala wapenga, mpaka tsiku limene njerwa yoyamba inagwa. Kuyambira pamenepo ndimachita kumulanda kuti agwire ntchito.

Chimene chandisangalatsa kwambiri ndi ichi. Kachipangizoka kali ndi batani limodzi lokha, pamene gemu imafuna awiri. Ndinagwira njakata masiku angapo, kenako ndinakumbukira kuti kamatseguka ngati chopanira zovala pachingwe. Ndinaika waya pa sipuling'i yake. Tsopano batani limasuntha njerwa, ikafika kumapeto imatulukira mbali inayo, koma kuti itembenuke uyenera kufinya kumbuyo ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala. Taganizani, achimwene. Ndi zala zomwezo zogwirira singano. Ndinakaonetsa mayi wina wophunzitsa odwala mafizo amene ndinamukonzera foni, ndipo anati kufinya kwake n'koyenera, bola asapitirize dzanja likayamba kuwawa.

Chenjezo: sikayezanso magazi. Ndamata pepala lofiira pansi pake kuti amayi asakasokoneze ndi ka namwino. Ndiponso musawanamize ababa kuti ndi mankhwala. Bodza amalinunkhiza patali, ndipo akakugwirani ndiye kuti zonse zathera pomwepo. Maonekedwe akewo angotithandiza kuti akalandire m'manja osakaponya. Zotsalazo zili kwa inu.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndikudziwa kuti likuvutani. Mukakayatsa muona nambala pamwamba, pambali pake palembedwa dzina langa. Ndi zigoli zanga, ndazisiyamo dala. Ndinasewera ndi dzanja lamanzere, ndipo sindinadzibweze, chifukwa akadzazindikira kuti ndawamvera chisoni sadzakagwiranso. Muwapeze atabwera kumene ku swala ya masana, amayi ali pafupi. Muwapatse m'dzanja lodwalalo, kenako muwauze kuti Ummy akuti gemu imene inatayidwa m'nyanja ija yavuuka ku Dar es Salaam. Muwauzenso kuti Ummy akuti nambala imeneyo sangaipitirire, ngakhale atasewera mpaka Ramadani ya chaka chamawa.

Ndikukuonani mukugwira pakamwa. Inde, ndi mwano, ndipo sitinaleredwe choncho. Inu simunawayankhepo ababa chikhalire, mukamalankhula nawo mumayang'ana pansi mpaka lero muli ndi imvi zanu. Koma taonani pamene ulemu watifikitsa. Tonse tikuwanyengerera, kuwathirira tiyi, kuwavalitsa nsapato, kuwauza kuti apume, ndipo iwo akungozimirira tikuona. Munthu amene sanalolepo mwana kumugonjetsa pa bawo, ngakhale mwanayo akudwala malungo, sadzuka ndi chisoni chathu. Muneneretu kuti mawuwo ndi anga. Akakwiya akwiyire ine, ndili kutali, ndodo siyifika kuno. Kunena zoona ndikulakalaka atandikalipira. Chidwalireni sindinamve mawu awo akukwera, ndipo ndawasowa.

Akakakankhira kumbali musakakamize. Mukasiye m'kabati ya makina, pamene ankabisa ija yakale, ndipo muike mabatire ena pambali pake. Kenako nonse muchoke, muwasiye okha. Wogula makina akabwera mumuuze kuti eni ake akadaganiza.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti duwa zimene amandipempherera ndimazimva kuno. Moni kwa alamu a Saida, kwa azakhali a ku Benga, kwa amalume a Nasiru amene anayambitsa zonsezi, ndi kwa ana onse, makamaka Ikram amene ndamva kuti ndiye anatola kampira kaja. Kwa ababa musapereke moni wanga, mupereke uthenga uja basi.

Ndinakonza kuti munthu akapitirira nambala yanga, dzina langa lifufutike, pabwere lawo. Ndinalilemberatu m'katimo, MOHAMEDI, likungodikira. Palibe wina aliyense amene adzalione mpaka zala zawo zitalitulutsa, ndiye chonde inu ndi ana musayesere. Tsiku limene mudzatsegule kabati n'kupeza kuti Ummy kulibe, musalembe kalata. Mudzandiimbire nthawi yomweyo, ndipo ulendo umenewo mudzatsegule foni mokweza pabwalo, kuti ndidzamve ndekha akundinyoza.

Allah akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu wamwano,
Ummy