Galimoto Ikadali Padoko

Wokondedwa mwana wa msuweni wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko. Ife tilipo.

Za galimoto unatitumizira ija, mutu wanga waima. Unati masabata asanu ndi limodzi, koma ine ndawerenga khumi. Dzulo kalaliki wa kampani yonyamula katundu anandiuza kuti, "Mayi, kuwerenga kumayamba sitima ikanyamuka, ndipo siinyamuka kontena isanadzaze." Ndaphunzitsa masamu moyo wanga wonse, koma masabata opanda poyambira sindinawaonepo. Kodi akudikira galimoto za anthu angati?

Amalume ako amaifunsa m'mawa uliwonse, poti minibasi yopita kuchipatala sakuithanso. Lachiwiri adokotala anandiitanira panja ndekha, koma zimenezo tidzakamba.

Ngati ilipo sitima yachangu, tafunsako mwanawe.

Ndine,
Azakhali ako