Foni ya kapitawo

Lachinayi, mwezi wa Meyi. Kwazizira, ndipo mtima wanga sunakhazikike.

Mwana wanga Tadala wabwera kuchokera ku yunivesite ali wokondwa, akuti kafukufuku wake wa zautolankhani watha msanga. Amafufuza ngati wailesi zimanena zoona za matenanti a fodya. Aphunzitsi ake anati masiku ano wophunzira asamavutike ndi fumbi: mafunso azitumiza pa foni, anthu aziyankha pojambula mawu, kompyuta izilemba yokha.

Wandiyikira kuti ndimve mayankho ochokera ku esiteti ina kuseri kwa Madisi. Onse akuti akukhala bwino, bwana ndi wachifundo.

Ndamufunsa, "Kodi amajambulira pa foni ya ndani?"

"Ya kapitawo, bambo. Ndi yokhayo ya intaneti kumeneko."

Kenako Tadala watsegula mawu otsiriza amene anali asanawamve, a bambo wina wochokera ku Mulanje, a Makawa. "Mwana wanga, chimanga chimene amatipatsa sichifika kumapeto kwa mwezi. Wailesi sizinena zimenezo." Chakumbuyo kwawo kumamveka munthu akutsokomola, chifuwa chochita kufuna.

Tadala waimba foni kumeneko. Kapitawo wayankha mwaulemu kuti a Makawa anasamuka, fodya wawo asanapite kumsika.

Kompyuta inalemba mawu onse bwinobwino, koma chifuwa chija sinalembe. Aphunzitsi akufuna lipoti Lolemba. Tadala sanadye. Wangondifunsa kuti minibasi ya ku esitetiko imanyamuka nthawi yanji. Ndamuuza kuti kulibe minibasi, amapita pa kabaza, ndipo fumbi lake…